Kumene Anaphunzira Kukhala Chete

Folo koloko m'bandakucha, nyumba ya okalamba ku Leeds.
Ketulo ikulira, mapazi anditupira m'nsapato.
Wina wasiya nyuzi ya dzulo patebulo,
yodontheredwa tiyi pakona,
ndipo pakati pake pali mwana wanga,
manja m'mwamba ngati wina wamuloza mfuti.

Talandira Kamphulusa.
Pawailesi amati Kamfulusa, ndinatopa n'kuwakonza.
Alemba kuti ku Leipzig anthu anaimirira mphindi khumi,
ku Osaka anamuitana kasanu kuti adzawerame,
chaka chamawa ndi Toronto, kenako kaya.
Mdala wolembayu akuti amaumira nyenyezi
ngati mchere wobwereka,
koma wakhuthula zisanu zonse, khuthu!

Akuti oimba makumi asanu ndi atatu,
a zeze wachizungu, a malipenga, a zitoliro,
ena ndevu zoyera kale iye asanabadwe,
amapuma pamene kandodo kake kawalola.

Wina walemba kuti mng'oma za kwawo ndimo muli chinsinsi,
kuti kugunda kuli m'magazi.
Ndaseka mpaka kutsamwa.
Mwana wobadwira pachipatala cha kuseri kwa msewuwu,
amene ng'oma anaiona koyamba m'kabati yagalasi
tsiku la ulendo wa sukulu,
n'kubwera kudzandifunsa ngati imaluma.

Koma mdala uja waona china.
Akuti palibe wina wamsinkhu wake
wodziwa kutsitsa nyimbo mpaka kutsala kaulusi,
holo yonse zii, osatsokomola,
ndipo akuti ameneyo ndi mphunzitsi wake wa ku Vienna.

Ayi bambo. Khalani pansi ndikuuzeni.

Chipinda chimodzi ku Harehills, pamwamba pa shopu ya nyama.
Ine ndinkafika eyiti koloko m'mawa, fungo la mankhwala,
n'kugwa pabedi osavula ngakhale masokosi.
Iye zaka zisanu, Loweruka lonse lathunthu,
makatani otseka, dzuwa likupempha polowera.
Anaphunzira thabwa limene limalira ndi limene sililira.
Anaphunzira kutsekula firiji ngati akuba,
kutafuna buledi wowotcha atamunyika kaye m'mkaka,
kumvera wailesi khutu litamatira pasipika,
mawu ochepa ngati udzudzu uli kutsidya.
Tsiku lina ndinatsegula diso limodzi:
ali pampando, mswachi m'dzanja,
akulamula makina ochapira a kwa aneba
kuti azungulire pang'onopang'ono.

Sindinamugulire limba. Ndalama zinkapita kumudzi
ndi kumaofesi a mapepala okhalira kuno.
Chimene ndinampatsa ndi tulo tanga,
kuti azitisunga.

Mwezi wathawu anaimba kuno kwathu, holo yaikulu ya mzinda.
Ndinasinthana shifiti ndi Mai Adeyinka,
ndinavala diresi yobiriwira ija,
mzere wachitatu, mpando wofewa kuposa bedi langa.
Ndinalimba mtima gawo loyamba.
Gawo lachiwiri, zeze atayamba kunong'ona,
mutu unandilemera. Ndinapita.

Kuseri, pakati pa maluwa ndi azungu ogwirana chanza,
ndinafuna nthaka ing'ambike.
Iye anandikokera pambali, thukuta lili kamukamu,
nati, Amayi, ndinakuonani m'mene ndimatembenukira kumanzere.
Ndinawatsitsa onse kuti musadzuke.

Ndiye ndi pamenepo, bambo wa nyenyezi zisanu,
pamene mwalemba kuti munaiwala kupuma.

Belu lalira, chipinda cha khumi ndi chiwiri.
A Ackroyd akufuna madzi, kapena akufuna munthu.
Ndang'amba tsambalo bwinobwino,
ndalipinda kanayi, m'thumba la yunifolomu,
pamodzi ndi magolovesi ndi makiyi a kabati.
Ku Osaka tsopano ndi masana.
Ndikuyenda m'khonde monyang'ama,
chidendene kaye, kenako zala,
monga anandiphunzitsira.